Kwawo kwa a Drive-By Truckers: zolemba za pa ulendo wa ku Alabama ndi Georgia

Lolemba, m'basi ya ku Birmingham

Basi yanyamuka mu Atlanta itachedwa ndi ola lathunthu, ndipo palibe amene anabwera kudzatiuza chifukwa chake. Tikiti ndinagulira pa intaneti, madola 31. Pa depoti mipando inali yochepa, kunja kukuzizira monga mmene kumachitira mu February, ndiye ambiri tinangokhalira zikwama zathu. Mayi ena achikulire, amene amapita ku maliro a mchemwali wawo ku Mississippi, anatulutsa kajumbo ka mtedza wophika ndi makoko omwe n'kundigawira. Wamchere, wofewa bwino. Atamva kuti ndikupita ku Muscle Shoals, tauni ya kumpoto kwa Alabama, anafunsa ngati ndili ndi abale kumeneko. Ndinawauza kuti ayi, ndikukaona kwawo kwa bandi ina ya azungu imene ndimaikonda. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Chabwino mwananga, koma uziyenda kukuwala."

Bandiyo ndi Drive-By Truckers. Ngakhale kuno ku America si bandi yodzaza masitediyamu. Ndi ya kumwera, ya magitala olira mwaukali, yosakaniza rock, country ndi soul, ndipo nyimbo zake zimakamba za anthu a m'matauni ang'onoang'ono: wochotsedwa ntchito ku fakitale, wotcheza mowa mobisa m'nkhalango, mayi wodwala khansa pakhomo popanda inshuwalansi. Anandidziwitsa ndi bambo ena okonza mapaipi kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, amene ankaiika m'galimoto akamandipatsa lifiti usiku. Anaiyambitsa ndi anthu awiri, Patterson Hood ndi Mike Cooley, mu 1996 ku Athens m'chigawo cha Georgia, koma onse awiri kwawo ndi kumpoto kwa Alabama, m'mbali mwa mtsinje wa Tennessee. Kumapeto kwa sabata ino akuimba ku Athens. Ndati ndiyambe ndaona kwawoko.

Titangolowa mu Alabama foni inabweza nthawi ndi ola limodzi. Posakhalitsa chikwangwani cha Anniston. Pa 14 May 1961, kunja kwa tauni imeneyi, gulu la azungu linaotcha basi imene munali anthu akuda ndi azungu amene anakhalira limodzi dala potsutsa tsankho la m'mabasi. Nkhaniyi ndinaiwerengapo kale, komabe kuona dzinalo ndili m'basi kunandiumitsa kukhosi.

Lachiwiri, Birmingham mpaka Muscle Shoals

Chipinda analemba madola 68, koma msonkho utalowa ndinalipira pafupifupi 80. Sindinagone bwino, sitima zonyamula katundu zimadutsa pafupi usiku wonse.

Mu mzinda uno ndi mmene bandiyi inajambulira chimbale chimene chinaisintha kuchoka pa gulu losadziwika logona m'minibasi. Munali mu 2000, nyengo yotentha, m'chipinda chapamwamba pa sitolo ya mayunifolomu, chopanda makina oziziritsira mpweya. Magitala anali atatu, Hood, Cooley ndi Rob Malone, bezi akuimba Earl Hicks, ng'oma Brad Morgan. Kampani yowathandiza analibe, moti ndalama zotulutsira chimbalecho anachita kubwereka kwa achibale, anzawo ndi okonda nyimbo zawo. Southern Rock Opera, chimbale cha ma CD awiri, chinatuluka pa 12 September 2001, tsiku lotsatira chiwembu cha ku New York, dziko lonse maso ali kwina. Anangochinyamula okha n'kumakagulitsa kulikonse akaimba, mpaka kampani ya Lost Highway inadzachitulutsanso mu 2002.

Tsiku loyamba kuchimva ndinali ndi chikaiko chachikulu. Nkhani yake yazungulira pa bandi ya Lynyrd Skynyrd, imene ndege yake inagwa ku Mississippi pa 20 October 1977 n'kupha woimba wake Ronnie Van Zant ndi ena, ndipo bandi imeneyo inkakoleka mbendera ya Confederate, ya anthu omenyera ukapolo, kumbuyo kwake poimba. Munthu wakuda ukamva mzungu wa ku Alabama akuyamba kutama kwawo, khutu limaima. Koma Hood sanabise kanthu. M'chimbale chomwecho muli bomba limene linapha atsikana anayi pa tchalitchi cha 16th Street Baptist pa 15 September 1963. Muli bwanamkubwa George Wallace, amene chaka chomwecho anaima pakhomo la University of Alabama kutsekereza ophunzira akuda, ndipo nyimbo ina ikuonetsa Satana akusonkhezera moto poyembekezera kumulandira. Hood akufotokozanso zoti Wallace yemweyo anadzapepesa n'kupambana chisankho cha 1982 ndi mavoti ambiri a anthu akuda, koma sakumuchotsera mlandu. Mmawa uno ndinaima kanthawi kutsidya kwa msewu moyang'anana ndi tchalitchi chija. Sindinalowe.

Ku Muscle Shoals ndasankha kupita pa galimoto ya hayala, madola 54 pa tsiku kuphatikiza inshuwalansi. Msewu ndi I-65 kulowera kumpoto, kenako pa Cullman kukhotera mu 157. Cullman inkadziwika kale ngati tauni imene munthu wakuda samafunika kuti dzuwa limulowere ali momwemo, ndipo mafuta anandichepera pomwepo. Ndinaima pa filing'i mtima ukugunda. Pampu inakana khadi langa. Bambo wina wandevu, wa galimoto ya bokosi yodzaza nkhuni, anatsika n'kubwera kumene ndinali, ine manja ali thukuta. Anangondiuza kuti pampu imeneyo imavuta, ndikalipiriretu mkati, ndipo anandigwirira chitseko.

Kuchokera pamenepo ndi minda yokhayokha, yambiri ya thonje lokololedwa kale, timaulusi toyera titatsalira m'zitsotso ndi m'mbali mwa msewu. Chakumadzulo ndinaona chikwangwani cha Leighton, kwawo kwa Percy Sledge. Bambo anga ankasiya chilichonse chimene akuchita nyimbo zake zikalira pa wailesi. Sledge asanatchuke ankasamalira odwala pa chipatala cha ku Sheffield, ntchito yofanana ndi yanga, ndipo When a Man Loves a Woman anaijambulira mu Sheffield momwemo mu 1966. Amene analiza limba m'nyimbo imeneyo ndi a Spooner Oldham, ndipo a Oldham omwewo anadzayenda ndi Drive-By Truckers mu 2007 n'kuimba nawo m'chimbale cha Brighter Than Creation's Dark cha 2008.

Lachitatu, Sheffield

Dera lino anthu amangoti Shoals, koma ndi matauni anayi oyandikana: Muscle Shoals, Sheffield ndi Tuscumbia kumwera kwa mtsinje, Florence kumpoto. Cooley ndi wa ku Tuscumbia. Hood anakulira ku Florence.

FAME, situdiyo ya a Rick Hall, ili pa Avalon Avenue pakati pa masitolo ndi malo oimikapo magalimoto, ndipo ndinaidutsa osaiona. M'menemo ndi mmene oimba achikuda otchuka anajambulira, Wilson Pickett mu 1966 ndi Aretha Franklin mu January 1967, nthawi imene tsankho linali likadali lamphamvu kunjaku. Ambiri mwa oimba zida anali anyamata achizungu a m'midzi yomwe ino. Mu 1969 anayi mwa iwo anachoka kwa a Hall n'kukatsegula yawo: a Jimmy Johnson a gitala, a Roger Hawkins a ng'oma, a Barry Beckett a kiyibodi, ndi a David Hood a bezi, bambo ake a Patterson. Anthu amawatcha Swampers.

Situdiyo yawoyo, pa 3614 Jackson Highway, ndi kanyumba ka mabuloko koyang'anana ndi manda, ndipo kale ankaonetseramo mabokosi a maliro. Ndalipira madola 20 kuti ndilowe. Tinalipo anthu ochepa, banja lina la ku Germany ndi bambo awiri opuma pa ntchito. Chipinda chojambuliramo ndi chaching'ono kwambiri, denga lotsika, ndipo malo a munthu aliyense akuonekabe: apa ng'oma, apo piyano, pakona apo bezi. Rolling Stones anajambuliramo masiku ochepa mu December 1969. Jimmy Cliff anabwera kuchokera ku Jamaica, Paul Simon nayenso. Ine ndinakhalitsa pakona ya bezi. Amene mumaidziwa I'll Take You There ya Staple Singers, bezi imene imanyamula nyimbo yonse ija ndi zala za a David Hood. A Beckett anamwalira mu 2009, a Johnson mu 2019, a Hawkins mu 2021.

Chimene chandikhudza n'chakuti mwana wa bambo amenewa sanapeze njira yosalala. Patterson anabadwa mu 1964, ndipo pamene ankakula, nyimbo zinali zitayamba kusamukira kwina ndipo ntchito m'dera lino zikutha. Fakitale ya Ford ya mu Sheffield inatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Anthu a m'nyimbo zake ndi amene anatsala pambuyo pa zimenezo. Ndayenda pansi m'tauni masana ano, nyumba zina za masitolo zili zotseka, mawindo atakhomedwa matabwa, zina zikukonzedwanso.

Nkhomaliro ndadya pa kalesitilanti kamene umasankha nyama imodzi ndi ndiwo zitatu. Ndinatenga mlamba wokazinga wokutidwa ndi ufa wa chimanga, therere lokazinga, masamba ophika ndi nyama ya nkhumba, nyemba, ndi chigumu chawo chopanda shuga. Madola 13, tipi payokha. Tiyi wozizira anachuluka shuga moti ndinapempha madzi. Mayi operekera chakudya atamva kalankhulidwe kanga anafunsa kwathu, ndipo nditatchula Malawi anati mpingo wawo unatumizako anthu kukakumba mijigo. Anandiwonjezera chigumu osalipiritsa.

Lachinayi, Florence ndi Green Hill

Mmawa ndawoloka mlatho wa O'Neal kupita ku Florence, kenako ndinatsikira kumene damu la Wilson limaonekera bwino. Linamangidwa kuyambira 1918, ndipo mu 1933 linaperekedwa ku bungwe la boma la TVA, limene linamanga madamu ena mu mtsinje wa Tennessee n'kufikitsa magetsi m'midzi. Bandiyi ili ndi nyimbo ziwiri za nkhani imeneyi zosagwirizana. Ya Cooley, m'chimbale cha Pizza Deliverance cha 1999, ikukamba za bambo wosadziwa kuwerenga amene malo ake anamizidwa ndi madzi a damu, malonjezo a ntchito osamufikira, mpaka anadzimangirira. Ya Jason Isbell, amene anadzalowa m'bandi pambuyo pake, ikuthokoza TVA chifukwa chopulumutsa banja ku njala. Onse awiri ndi ana a mtsinje womwewu, ndipo ndikaona kukula kwa madzi amenewa ndikuwakhulupirira onse.

Mu Florence muno ndi mmene Hood ndi Cooley anakumanirana mu 1985, akukhala nyumba imodzi ya lendi. Anayambitsa bandi yotchedwa Adam's House Cat. Malo omwera mowa a kuno ankafuna bandi zoimba nyimbo za ena zotchuka pa wailesi, iwo akuumirira zawo, ndiye anthu sankabwera. Anajambula chimbale mu 1990, bandi n'kutha mu 1991, ndipo chimbalecho, Town Burned Down, chinadzatuluka mu 2018. Pakati apo anayesa ku Memphis, zinakanika, anasiyana kwa kanthawi. Hood anasamukira ku Athens mu 1994 n'kumagwira ntchito yoyendetsa zokuzira mawu m'makalabu. Pamene Drive-By Truckers imatulutsa chimbale choyamba, Gangstabilly, mu 1998, iye anali ndi zaka 34.

Masana ndalowera kumpoto mu msewu wa 43, kudutsa cha ku Killen, kwawo kwa Shonna Tucker amene anaimbapo bezi m'bandiyi, mpaka Green Hill, kwawo kwa Isbell, kufupi ndi malire a Tennessee. Kulibe chooneka: matchalitchi, misipu ya ng'ombe, nyumba zokokedwa ndi galimoto, sukulu. Pa nyumba ina panali mbendera ya Confederate, ndipo sindinachepetse liwiro mpaka itabisika. Isbell analowa m'bandi kumapeto kwa 2001 Malone atachoka, ali ndi zaka 22, ndipo patangopita masiku ochepa analemba nyimbo imene inadzakhala dzina la chimbale cha 2003, Decoration Day. Dzinalo ndi la mwambo wa kuno: tsiku lina pa chaka, kawirikawiri mu May, mabanja amakumana kumanda a kwawo, kulambula, kuika maluwa, kenako kudyera limodzi, monga mmene kwathu mudzi umatulukira kukasesa kumanda. Nyimboyo ndi ya udani wa mabanja awiri umene unapha anthu, ndipo woimbayo akulimbana ndi mkwiyo pa bambo ake, mpaka kuganiza zokalavulira pa manda awo.

Ndinaima pa manda ena a m'mbali mwa tchalitchi. Pafupifupi chiliza chilichonse chinali ndi maluwa apulasitiki, ena atafwifwa ndi dzuwa, ndipo maina a mabanja omwewo amangobwerezeka mzere ndi mzere. Bambo ena okalamba amene amatola nthambi zogwa anandiyandikira. Ndinafulumira kupereka moni n'kufotokoza kuti ndine mlendo, ndikungoona. Anavula golovesi n'kundipatsa dzanja, nandionetsa pamene pagona akazi awo ndi malo awo amene akuwadikira pambali pake, dzina litalembedwa kale.

Zaka za Isbell m'bandi, kuyambira 2001 mpaka 2007, ambiri amati ndiye zinali zokoma koposa, chifukwa olemba nyimbo analipo atatu: Decoration Day, The Dirty South cha 2004, ndi A Blessing and a Curse cha 2006. Tucker analowa mu 2003 ngati woimba bezi, ndipo anali mkazi wa Isbell. Banja linasokonekera, mowa unachuluka, monga Isbell mwini amanenera poyera, ndipo mu April 2007 iye anachoka. Tucker anatsala, nayamba kulemba ndi kuimba nyimbo zake m'bandimo mpaka kumapeto kwa 2011. Isbell anasiya mowa mu 2012, natulutsa Southeastern mu 2013, ndipo lero ndi wotchuka kuposa bandi imene inamulera. Mu 2014 Hood, Cooley ndi Isbell anakhalanso pamodzi ndi magitala awo mu Shoals Theatre, imene ndaidutsa madzulo ano pofunafuna chakudya.

Lachisanu, pa msewu

Kusiya galimoto ku Georgia amalipiritsa ndalama zambiri, ndiye ndadzuka mbandakucha kukaibweza ku Birmingham. Mvula njira yonse, mathiraki akundithira madzi pa galasi, mapewa auma ndi kugwiritsa chiwongolero. Kenako basi ya ku Atlanta, ola lija n'kulibweza, kudikira maola awiri, ndi kabasi kena ka ku Athens, mtunda wa makilomita pafupifupi 110. Tsiku lonse ndadya mabisiketi ndi nthochi imodzi ya dola. Ndafika kutada, miyendo yatupa. Malo ogona akwera mtengo, ndapeza chipinda cha madola 120 kutali ndi pakati pa tauni.

Loweruka, Athens

Athens ndi tauni ya University of Georgia, kwawo kwa bandi zotchuka za R.E.M. ndi B-52's, ndipo n'zomveka kuti anthu okanidwa kwawo anapeza malo kuno. A Drive-By Truckers zimbale zawo zambiri anajambula ndi David Barbe, wa situdiyo ya Chase Park Transduction mu tauni muno.

Masana ndinapita ku Nuçi's Space pa Oconee Street. Malowa anatsegulidwa mu 2000 ndi mayi Linda Phillips, mwana wawo Nuçi, woimba gitala komanso wophunzira pa yunivesiti, atadzipha mu 1996 chifukwa cha matenda a nkhawa. Muli zipinda zimene bandi zimachitiramo pulakatisi pa mtengo wotsika, ndipo oimba ovutika maganizo amawathandiza kupeza uphungu ndi chithandizo. Chaka ndi chaka Drive-By Truckers imabwerera ku Athens kudzaimba mausiku otsatizana ku 40 Watt Club, mwambo umene amautcha HeAthens Homecoming, ndipo umathandiza kupezera ndalama malo amenewa. Ndinakhala pa sofa kumvetsera ana a sekondale akulimbana ndi nyimbo imodzi kuseri kwa chitseko, akulakwitsa pamalo omwewo, n'kuyambiranso.

Usiku pa mzere wolowera, mayi ena ochokera ku Ohio anandifunsa ngati ndili ndi zotsekera m'makutu. Ndinalibe. Anatulutsa zawo zapadera m'chikwama nati, "Tengani achimwene, mudzandithokoza mawa." Mkati anthu ambiri anali azungu a zaka za m'ma 40 ndi 50, odziwana maina, ena atachokera ku Ulaya. Akuda tinalipo owerengeka. Pa makoma ndi pa malaya a anthu panali zithunzi za mbalame zakuda ndi mitengo yopindika za Wes Freed, mmisiri wa ku Richmond amene ankajambula zikuto za zimbale zawo, yemwe anamwalira mu 2022.

Analowa asanu. Hood ndi wamkulu thupi, amatambasula manja, amafotokoza nkhani yaitali nyimbo isanayambe, mawu ake okanda. Cooley ndi wowonda, salankhula zambiri, mawu ake okhuthala, ndipo nyimbo zake zimakupweteka utadutsa kale mzere umene wakubaya. Salemba ndandanda ya nyimbo: wina akamaliza yake, mnzake amangoyamba ina, otsalawo n'kuigwira m'mwamba. Jay Gonzalez, amene analowa mu 2008, amachoka pa kiyibodi kupita pa gitala. Matt Patton, wa ku Alabama yemwenso, amene anachokera ku bandi ya Dexateens mu 2012, anamwetulira usiku wonse akukoka bezi. Anthu asanu amenewa akhala limodzi kwa nthawi yaitali kuposa gulu lina lililonse m'mbiri ya bandiyi.

Chapakati Hood anayamba nyimbo ya m'chimbale cha American Band cha 2016, yokamba za kuphedwa kwa Trayvon Martin, mnyamata wakuda amene anawomberedwa, ndi za ku Ferguson, tauni imene wapolisi anawombera mnyamata wina wakuda. Chimbale chimenecho chinawatayitsa ena mwa owatsatira, makamaka atayamba kuika chikwangwani cha Black Lives Matter pa siteji, ndipo chaka cha 2015 Hood anali atalemba kale mu New York Times kuti mbendera ija itsitsidwe. Kuimva m'galimoto ndi kwina. Kuimva nditaima pakati pa azungu mazana, ambiri akuimba nawo mawu onse, ena atangoti chete manja m'thumba, kunandilemera. Sindinadziwe koyang'ana. Ndinalira pang'ono, ndipo bambo amene anali pambali panga anangosuntha kundipatsa malo oti ndione bwino kutsogolo.

Anaimba kupitirira maola awiri. Ndabwerera pa takisi, madola 17.

Lamulungu, Athens

Pa kadzutsa ndakhala tebulo limodzi ndi bambo awiri amene analinso kuja usiku, tikudya mazira ndi phala la chimanga chogaya mokhakhala lothira batala. Amatsutsana za Isbell: wina akuti bandi inathera mu 2007, mnzake akuti English Oceans cha 2014 ndi American Band zikuposa zakale chifukwa Cooley analemba nyimbo zambiri. Anandifunsa maganizo anga. Ndinawauza kuti ine usiku wonse maso anga anali pa Brad Morgan, wandevu zake kumbuyo kuja, amene wakhala pa ng'oma kuyambira 1999, waona Malone, Hicks, Isbell, Tucker ndi woimba gitala John Neff akubwera ndi kupita, ndipo sadziwa nyimbo yotsatira mpaka gitala italira. Wamkulu mwa awiriwo anati mfundo imeneyo sanaiganizirepo, ndipo anakana kuti ndilipire khofi wanga.

Kabasi ka ku Atlanta kanyamuka 2 koloko masana. Usiku uno ndili pa ntchito.